Kusamutsa Apongozi

Dzuwa la chaka chimenecho linafika posungunula phula la mumsewu. Atelala ankasoka khomo lili pululu, kampango konyowa kali pakhosi, komabe mphepo yochokera kumsewu inkalowa ngati mpweya wa simbi yositira. Masana ena, ali kalikiliki kupinda mpendero wa diresi la mkwatibwi, anamva galimoto ya alamu awo ikutsokomola panja. Kutsokomola kwakeko ankakudziwa monga momwe munthu amadziwira chifuwa cha mkazi wake.

Alamu awowo anali mchimwene wa mayi a kunyumba kwawo. Anayendetsa mabasi mpaka imvi zinawakwana mutu wonse, ndipo ngakhale anapuma ntchito, aliyense ankawaitanabe kuti Adalaivala. Analowa osaodira, n'kukhala pampando wa makasitomala, n'kuyamba kudzikupiza ndi chipewa.

"Alamu, siyani za eni ukwatizo," anatero. "Apongozi ali pamavuto."

Atelala anachotsa phazi pamakina.

Apongozi awo enieni anali atagona kalekale. Amene ankanenedwa apawa anali nsomba. Kuseri kwa tauni yawo kunali mtsinje wotsika m'mapiri, wa madzi ozizira oti ukangopondamo mano amachita kuwawa. M'menemo munkakhala tirauti, nsomba ya mawanga akuda kumsana ndi mzere wofiirira m'nthiti, wonga chidutswa cha utawaleza. Anthu owedza mumtsinjewo anali ndi khalidwe lawolawo. Sankaika nyongolotsi kumbedza. Ankamangirirako nthenga ndi ulusi mpaka mbedzayo ioneke ngati kachilombo kouluka, kenako n'kuiponya kuti ikatere pamadzi mwakachetechete. Nsomba akaigwira, ambiri ankangoiyang'ana pang'ono, n'kuibweza.

Mwa tirauti zonse za mumtsinjewo panali imodzi yaikazi, yotalika kupitirira mkono wa munthu wamkulu, yomwe inkakhala m'dziwe la pansi pa mtengo wa mizu yolowa m'madzi. Dzina loti Apongozi anaipatsa ndi Adalaivala. Ankati ukaiyandikira imakupatsa msana, ukaibweretsera mphatso imangoinunkhiza n'kuisiya, koma ulemu umaipatsabe. Atelala anaiponyera nyambo nyengo zambirimbiri. Tsiku lina inaluma ndithu, inalumpha, inadula chingwe, n'kupita ndi nthenga zawo pakamwa. Iwo anangovula chipewa, n'kubwerera kunyumba akumwetulira ngati munthu amene wapatsidwa moni ndi wamkulu.

"Mtsinje waduka," anapitiriza Adalaivala. "Madzi angotsala m'maiwe, ndipo afunda ngati osambitsira khanda. Tating'ono tayamba kale kuyandama chagada."

Atelala sanafunikire kuuzidwa zambiri. Madzi akafunda amachepa mpweya, ndipo tirauti imabanika ili m'madzi momwemo. N'chifukwa chake Amlonda, mayi woyang'anira mtsinjewo, analetsa kuwedza kutentha kutangoyamba.

"Amlonda achitapo chiyani?"

"Akhala akukokola nsomba ndi ukonde, n'kumakazitula kumtunda, kukasupe kuja, kumene madzi akadali ozizira. Zina zonse zalola. Koma Apongozi alowa pansi pa mizu, ukonde wang'ambikira pomwepo. Ndiye akuti mubwere ndi ndodo yanu mawa, dzuwa lisanatuluke."

"Bwanji inuyo?"

"Ine? Ine ndikaponya ndimagwira mitengo. Mbalame zonse za kumeneko zisa zinamanga ndi nthenga zanga." Adalaivala anasiya kudzikupiza. "Koma akuti palibe zovina nawo. Akaluma, kukoka basi. Mukalimbana nawo nthawi yaitali m'madzi ofundawo, akuferani m'manja. Ndipo kukasupeko mukudziwa, sikuloledwa mbedza chaka chonse. Tikawasamutsa, inu ndi iwo mwathana."

Atelala anasalaza mpendero wa diresi lija ndi chala, pang'onopang'ono.

"Bola akhale ndi moyo," anatero.

Atatseka shopu madzulo, anasesa patebulo n'kukokera nyale pafupi. Nyengo yotentha ziwala zimagwera m'madzi kuchokera m'udzu wa m'mbali mwa mtsinje, choncho anaganiza zomanga chiwala. Thupi analipanga ndi kachigamba kobiriwira kotsala pa madiresi a operekeza mkwatibwi. Mapiko anadula ku nthenga ya tambala, miyendo n'kuipinda mfundo ngati mawondo. Atamaliza anatenga pulayala n'kufinya kadzino kakumbuyo ka mbedza, kuti ikadzalowa idzatuluke mosavuta.

Chinawavuta chinali chingwe. Moyo wawo wonse, kunsonga kumene kumamangidwa nyambo ankaikako kachingwe kopyapyala ngati tsitsi. Chimenecho ndicho chinali chonyadira chawo, ngakhale sankachinena: kunyenga nsomba ndi chinthu choti ikhoza kudula, kenako n'kuileza mtima mpaka itope yokha. Koma mawa kuleza mtima kukanakhala kupha. Anafufuza pansi pa bokosi la nyambo mpaka anapeza chingwe chochindikala chimene sanachigwiritsepo ntchito, n'kuchiyang'ana ngati munthu amene wapatsidwa nsapato za wina.

Kenako anabwerera pamakina. Anatenga nsalu yofewa ya mkati mwa majekete n'kusoka kamachira konyamulira nsombayo, msoko wake uli kunja kuti usakaikande.

Mayi a kunyumba anabwera ndi tiyi, n'kumuika patali ndi nthenga.

"Mabotolo a madzi ndaika kale m'firiji," anatero. "Pofika m'mawa akhala atauma gwa. Nyama ndakasungitsa kwa aneba."

"Wakuuzani ndani?"

"Achimwene anadzera kunyumba. Aja akakhala ndi nkhani imawayabwa." Ananyamula kamachira kaja, n'kuyang'ana msoko wake, n'kudula kaulusi kotsalira ndi mano. "Zaka zonsezi mumapita kumtsinje n'kubwerako ndi thalauza yonyowa basi. Mawa ndiye mukunyamula mgolo wathunthu, koma nsomba sindiionabe."

"Mukanaiona, mayi, mukanandimvetsa."

"Ndimakumvetsani osaiona. Imwani tiyi asanazizire, ngati m'dziko muno mukadali chinthu chozizira."

Atelala anali munthu wopemphera, koma za nsomba sanapempherepo. Ankaona kuti kupempha Mulungu kuti nsomba ilume ndi kumupempha kuti akondere, pamene nsombayo ndi yakenso. Tsiku limenelo anakhala kanthawi manja ali pa bokosi la nyambo, kusowa poyambira. Pomaliza anangoti, "Ambuye, ndi yanu. Ndibwerekeni pang'ono chabe."

Atelala ndi Adalaivala anafika kumtsinje kukungoyera. Mtsinje umene unkamveka munthu akadali kumsewu unali zii. Miyala ya pakati inali itauma mbuu, ndipo paliponse pankanunkha matope. Dziwe la Apongozi linali litabwerera m'kati, kusiya mizu ya mtengo uja ili pamtunda ngati nthiti. Kutsidya kunaima kakowa, wodekha ngati munthu amene akudziwa kuti chakudya chibwera chokha.

Amlonda anali atafika kale, atavala nsapato zamphira zofika m'chiuno. Anali mayi wochepa thupi, wosachulutsa mawu, wa maso ofiira ndi kusagona. Anapereka moni, n'kuthandiza Adalaivala kutunga madzi a pakati pa dziwe kudzaza mgolo umene unamangidwa kumbuyo kwa galimoto. Mabotolo oundana aja anawaponyamo osatsegula, kuti madziwo azizire pang'onopang'ono.

"Bambo," anatero kwa Atelala, "dzuwa likangofika pamadzipa tisiya. Kuigwira dzuwa litakwera ndi kuipha."

Atelala anayang'ana kuphiri. Nsonga za mitengo ya kumeneko zinali zitayamba kale kufiira.

Anaima patali ndi madzi, n'kuyamba kuyendetsa chingwe m'mwamba. Ngakhale Adalaivala, amene anaziona kambirimbiri, ankasiya kulankhula nthawi imeneyi. Chingwecho chinkapita kumbuyo n'kudzitambasula, kubwera kutsogolo n'kudzitambasulanso, popanda phokoso, mpaka chiwala chija chinakatera pafupi ndi mizu ngati changoterereka paudzu.

Pansi pa mizu panasuntha mthunzi. Unatuluka mosafulumira, unakwera, n'kuima pansi pa chiwalacho. Atelala anaona mawanga a kumsana, anaona diso. Kenako nsombayo inapendeka, n'kubwerera kwawo.

"Mwawaona?" ananong'ona Adalaivala. "Nyumba ikupsa, koma mwano sanasiye."

Atelala anadikira kuti madzi akhazikike, n'kuponyanso. Ulendo uno mthunziwo unangosuzumira. Chifukwa chake chinali poyera. Madzi othamanga amabisa chingwe, koma dziwe lakufali linali ngati galasi, ndipo chingwe chochindikalacho chinagona pamwamba pake ngati mng'alu. Dzanja la Atelala linalowa lokha m'thumba la malaya, mmene munali kachingwe kopyapyala kaja. Amlonda anawayang'ana. Atelala anatulutsa dzanjalo lopanda kanthu.

Adalaivala anasowa pang'ono m'udzu, n'kubwerako atafumbata chipewa.

"Alamu, ndikudziwa kuti kwa inu ichi n'chonyansa, koma palibe amene akaulule. Nachi chenicheni. Chikuphiriphitha chokha."

M'chipewamo munali chiwala chamoyo. Atelala anachiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene akanafunira.

"Si za manyazi, alamu. Chamoyo amameza mpaka m'mimba. Mbedza ikakafika kumeneko tikaichotsa bwanji?"

Adalaivala anakanda m'mutu, n'kutambasula chipewacho. "Pita, ukathokoze," anauza chiwalacho. Chinalumphira m'udzu.

Kuwala kunali kutatsika mpaka pakati pa phiri. Atelala anayang'ana mtengo uja, anayang'ana gombe lokwera limene unamerapo. Ngati chingwe chikuoneka chikagona pamadzi, ndiye chisagonepo. Anavula chipewa ndi nsapato, n'kuzungulira kumbuyo kwa mtengowo, kutali, kuti mapazi awo asamveke m'madzi. Atafika pafupi anagwada, kenako anagona chafufumimba, n'kuyamba kukwawa. Mawondo awo anali atasiya kale kukonda zoterezi. Adalaivala anakwawa patsogolo pang'ono, osauzidwa, n'kumachotsa timitengo touma ndi minga m'njira ya alamu awo, kamodzikamodzi, n'kumaziika pambali mwakachetechete.

Pamphepete pa gombe Atelala anatulutsa nsonga yokha ya ndodo pakati pa masamba. Anatsitsa chiwalacho pang'onopang'ono mpaka miyendo yake inakhudza madzi, chingwe chonse chili m'mwamba. Dzanja lawo linkanjenjemera ndi ukalamba ndi kulemera kwa ndodo, ndipo kunjenjemerako kunkatsika ndi chingwe, chiwalacho n'kumagwedeza madzi ngati chikufuna kuthawa.

Nsombayo inatulukira pansi pawo penipeni. Sanaionepo pafupi chotere. Inakwera ngati munthu wokwera masitepe a nyumba yake, inatsegula kukamwa koyera mbee, n'kutseka. Atelala anadikira mpweya umodzi kuti itembenuke. Kenako anatukula ndodo.

Dziwe lonse linaphulika. Kakowa uja anauluka. Ndodo inapindika mpaka m'manja, ndipo kagudumu kokulungira chingwe kanayamba kulira. Atelala anadzuka osadziwa kuti adzuka bwanji. Nsombayo inathamangira kumapeto kwa dziwe, n'kutuluka m'madzi yonse, thupi likugwedezeka m'mwamba, madontho akuuluka. Kuwala koyamba kwa tsikulo kunaipeza pomwepo. Mzere wa m'nthiti uja unayaka, kufiira kosakanikirana ndi kubiriwira ndi siliva, mtundu umene Atelala anaufunafuna m'masitolo onse a nsalu osaupeza. Nsomba yobanika, ya m'madzi akufa, inali kulumpha ngati mtsinje wadzaza.

Manja ali ndi nzeru zawozawo. Moyo wonse manja a Atelala anaphunzira kuti tirauti ikathamanga uilekerere, ikalumpha utsitse ndodo, apo ayi kachingwe kaduka. Ndiye anailekerera. Inalumphanso, iwo n'kutsitsa ndodo. Inatembenuka n'kuthamangira mbali ina, iwo n'kuipatsa chingwe, maso ali pa iyo, pakamwa pali yasa. Anaiwala mgolo, anaiwala dzuwa. Anangokhala munthu amene wakumana ndi chinthu chimene anachidikira nyengo zonsezi, ndipo sankafuna kuti chithe msanga.

"Alamu, si dansi iyi," anatero Adalaivala kumbuyo kwawo. "Chingwe chomangira mbuzicho sichiduka. Kokani."

Amlonda anali atalowa kale m'madzi mpaka m'chiuno, kaukonde kali m'manja. Sanakweze mawu.

"Bambo, ikutha mphamvu."

Mawu ofatsawo ndiwo anawadzutsa. Anapanikiza chingwe ndi chala, anapendeketsa ndodo chambali, n'kuyamba kukoka mwankhanza, monga sanakokerepo nsomba chiyambire. Inakana, inagwedeza mutu, inafuna kubwerera kumizu, iwo osailola. Kenako kukanako kunangotha. Inabwera ikukhwekhwerezeka pamwamba pa madzi, itagona cham'mbali, n'kulowa m'kaukonde ngati nsanza.

Dzuwa linali litafika pamadzi.

Atelala anatsetsereka pagombe mpaka m'matope. Nsombayo inagona m'kaukonde, mimba yoyera ikuonekera. Makha ake, timakomo topumira ta m'mbali mwa mutu, ankangosuntha mwa apo ndi apo. Mzere uja unali utazilala ngati nsalu yosiyidwa padzuwa.

"Ndaichedwetsa," anatero.

"Zimenezo tikambirana m'njira," anayankha Amlonda. "Nyowetsani manja musanaikhudze."

Ananyowetsa manja, chifukwa dzanja louma limachotsa kuterera kumene kumateteza khungu la tirauti. Mbedza inali pangodya ya kamwa, ndipo inatuluka yokha atangoikhudza. Anaviika kamachira kaja m'madzi, n'kuigonekamo, n'kunyamulirana ndi Amlonda, wina uku wina uku, kuthamanga nayo kugalimoto.

Mumgolomo inatembenuka chagada. Atelala analowetsa mikono mpaka m'mapewa, dzanja limodzi pansi pa chifuwa chake, lina pafupi ndi mchira, n'kuiimika monga imakhalira ikamasambira. Amlonda anatenga kachidebe n'kuyamba kutunga madzi a mumgolo momwemo, kuwatsanulira kuchokera m'mwamba kuti alowe mpweya. Kutunga, kutsanula, kutunga, kutsanula.

"Tiyeni, alamu," anatero Atelala. "Koma musatigwedeze."

Msewu wopita kukasupe unali wa miyala ndi maenje, wokwera m'nkhalango. Atelala anakwerapo galimoto ya alamu awo nthawi zambiri, ndipo ankaidziwa ngati galimoto ya nthabwala ndi mabuleki odzidzimutsa. Tsiku limenelo anaona chimene anthu a m'mabasi ankanena. Adalaivala anagwira chiwongolero ndi manja awiri. Maso ankasinthana pakati pa msewu ndi kagalasi koonera kumbuyo. Dzenje lililonse ankalilowa chambali, tayala limodzi kenako linzake, ngati munthu wotsika pabedi osafuna kudzutsa mnzake. Posintha magiya sipankamveka. Galimoto yotsokomola ija inkakwera phiri mosaima, mosathamanga, madzi a mumgolo akungopendeka pang'ono n'kubwerera, osatayika.

Pamalo ena opapatiza anakumana ndi lole yodzaza zipika ikutsika. Mwa lamulo la msewu umenewo wopepuka ndiye amabwerera. Adalaivala anatulutsa dzanja pawindo, n'kuloza kumbuyo. Woyendetsa loleyo anasuzumira, anaona bambo wachikulire atakumbatira mgolo, matope thupi lonse, ndi mayi akutsanula madzi. Sanafunse. Anabweza chilole chakecho cham'mbuyo mpaka pamalo otakasuka, n'kuima. Podutsa, Adalaivala anagwira chipewa, winayo n'kugwedeza mutu.

Atelala sanaone zambiri za m'njiramo. Nkhope yawo inali pafupi ndi madzi, akuyang'ana makha aja. Ankatseguka, n'kukhala nthawi yaitali moti mtima unkawalumpha, kenako n'kutseka. Pansi pa chala chawo ankamva kanthu kakugunda mofooka, ndipo sankadziwa ngati unali mtima wa nsombayo kapena magazi a m'chala chawo chomwe. Milomo yawo inkayenda. Amlonda anaona zimenezo, n'kuyang'ana kumbali, dzanja likutungabe.

Kukasupe kunali dziko lina. Mitengo inakumana m'mwamba, ndipo madzi ankatuluka pansi pa thanthwe, oyera moti mwala uliwonse wa pansi unkaoneka, n'kumathamangira m'dziwe lalitali la mthunzi. Atelala anafuna kuinyamula nthawi yomweyo. Amlonda anawagwira pamkono.

"Ayi. Kuichotsa m'madzi awa n'kuiponya m'ozizira aja, mtima wake uima. Tiisakanizire kaye."

Adalaivala anayamba kutunga kukasupe, kubweretsa, Amlonda n'kumathira mumgolo pang'onopang'ono, kuchotsamo ofanana nawo. Kudikira kumeneko kunali kowawa kuposa zonse za m'mawawo. Madzi ankazizirira m'mikono ya Atelala mpaka Amlonda anaviika kachipangizo kawo koyezera kutentha mumgolo, anakaviikanso mumtsinje, n'kugwedeza mutu movomereza.

Anainyamula pa kamachira kaja mpaka pamene madzi amalowera m'dziwe. Atelala anagwada m'madzimo, kuzizira kukuwaluma m'mafupa, n'kuloza mutu wa nsombayo kumene madzi akuchokera, kuti aziyenda okha kudutsa m'kamwa ndi m'makha. Sanaikankhe uku ndi uku. Anangoigwira.

Patapita kanthawi anamasula zala pang'ono. Inapendeka, mimba n'kuyamba kutembenukira m'mwamba. Anaigwiranso.

Anadikiranso, n'kuyesanso. Inapendekanso.

"Nthawi zina zimatenga nthawi," anatero Amlonda. Sanawonjezere za nthawi zina zinazo.

Miyala inkawaboola mawondo. Zala zinasiya kuwawa, n'kuyamba kukhala ngati za munthu wina. Msana unayamba kunjenjemera, ndipo madzi, ngakhale sanali akuya, ankawakankha pang'onopang'ono cham'mbali. Anamva wina akulowa m'madzi kumbuyo kwawo. Anali Adalaivala, ndi nsapato zawo zachikopa zomwe ankazipukuta m'mawa uliwonse. Anagwada, n'kuwakumbatira alamu awo m'chifuwa kuchokera kumbuyo, kuti atsamire.

"Tsamirani ndithu, sindikuuzani kawiri," anatero. Kenako anasuzumira paphewa pawo. "Inunso Apongozi, tiyeni nazoni. Takunyamulani pagalimoto, mpando wabwino, osalipira. Mufuna mutichititse manyazi pamaso pa Amlonda?"

Amlonda anaseka pang'ono m'mphuno. Anakhala pamwala, kachidebe kali pamiyendo.

Atelala sanawerenge nthawi. Kachidutswa ka dzuwa kanadutsa m'masamba, kanayenda pamadzi, n'kuchoka. Ankangoyang'ana makha. Kutseguka, kutseka. Kutseguka, kutseka. Sanadziwe pamene kupumako kunasinthira, koma anazindikira kuti sakudikiranso ndi mantha pakati pake. Zipsepse za pachifuwa, zomwe zinali zitagona, zinatambasuka n'kuyamba kupalasa. Diso, lomwe linkangoyang'ana kumwamba, linatembenukira pansi. Ndipo m'nthiti muja, ngati makala akapemereredwa, kufiira kunayamba kubwerera.

"Musaikankhe," ananong'ona Amlonda. "Ichoke yokha."

Kuchoka kwakeko sanakumve, poti manja anali atafa dzanzi. Anangoona ndi maso thupi lalitalilo likupindika, mchira ukukankha, nsombayo n'kutuluka pakati pa zala zawo ngati nsalu yoterera ikamatsetsereka patebulo. Sinathawe. Inasambira pang'ono, n'kukaima kuseri kwa mwala waukulu pakati pa madzi othamanga, mutu kumtunda, yowongoka, mchira ukugwedezeka modekha. Madzi anaikankha, iyo n'kubwerera pamalo pake. Anaikankhanso, n'kubwereranso.

Onse atatu anangoiyang'ana. Manja a Atelala anali akadali m'madzi, otsegula, monga nsombayo inawasiyira. Anaweramitsa mutu. Adalaivala anamva nthiti za alamu awo zikukwera ndi kutsika m'mikono mwawo, ndipo anadikira mpaka mutuwo utadzuka.

"Basi, tulukani m'madzi, alamu," anatero, akuwadzutsa. "Alongo anga sindikawauza kuti mwamuna wawo ndamusinthanitsa ndi nsomba."